Geti la mayi Phyllis

A Laban a ku Khuyu ndinaphunzira nawo pasukulu ya mishoni ku Chipyela, ndipo chiyambire sanali munthu wa mawu ambiri. Anaphunzitsa ana a pulayimale zaka makumi atatu. Chaka chimene anapuma ntchito, akazi awo, a Esme, anamwalira. Chinawatsalira ndi kalasi ya Baibulo ya Lachitatu masana, imene ankaphunzitsa pansi pa mlambe kuseri kwa tchalitchi.

Mu 2016 kunabwera kalata yochokera ku parishi ina ya kumpoto kwa England, yopempha munthu woti akaphunzitse Baibulo chaka chimodzi. Akuluakulu a mpingo anasankha a Laban. Eni ake amati anawasankha chifukwa kunyumba kunalibe woti awasowe.

Kumeneko anawapatsa kachipinda pamwamba pa holo ya tchalitchi. Kalasi inali Lachitatu ngati kuno, koma ophunzira anali asanu ndi awiri okha, onse okalamba. Pemphero lotsekera likatha, aliyense ankavala chikhoti chake n'kumapita. Kuchokera Lachinayi mpaka Lamulungu, munthu yekhayo amene a Laban ankamupatsa moni anali dalaivala wa basi, ndipo iyeyo ankangogwedeza mutu.

Kuno kwathu munthu akajomba kalasi, mawa lake mphunzitsi amapita kukamuona. Sapita kukamudzudzula. Mwina wadwala, mwina kwagwa zina, ndipo zotere sumadikira kuti akuuze. A Laban anachita zomwezo. Bambo wina atajomba, anafunsa njira, nakagogoda pakhomo pake Lachinayi m'mawa. Bamboyo anatsegula chitseko pang'ono, tcheni chili chokola, nanena kuti ali bwino. Pa miyezi iwiri anagogoda makomo atatu, ndipo ponse anapeza anthu athanzi, odabwa.

Kenako wansembe wa parishiyo, Bambo Raymond, anawaitana. Anawathirira tiyi, nawauza mwaulemu kuti kumeneko sapita kunyumba ya munthu asanaitanidwe. Anthu awiri anali atadandaula, ndipo mmodzi anati sabweranso. Ngati a Laban akuda nkhawa, aziimba foni. Ife amene tinaleredwa pa mishoni sitinaphunzire kubweza mawu a wansembe. A Laban anapepesa, nalonjeza kuti sadzagogodanso.

M'kalasimo munali mayi Phyllis, wamasiye wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene kale ankasoka zovala m'fakitale. Ankabwera ndi khushoni yawoyawo, n'kukhala kutsogolo. Ankatsutsa pafupifupi chilichonse, ndipo a Laban ankakonzekera phunziro ali ndi iwowo m'maganizo. Nyengo yozizira itafika, a Laban ankaphunzitsa atavala zikhoti ziwiri, ndipo mayiwo anawafunsa pamaso pa onse ngati mkati mwa zikhotizo munali munthu. Ndi okhawo amene anafunsapo dzina la malemu akazi awo, ndipo sanaliiwale.

Lachitatu lina mu Febuluwale, mpando wa kutsogolo unali wopanda munthu. A Laban anaimba foni madzulo, osayankhidwa. Ophunzira ena anati mwina apita kwa mwana wawo ku London, monga ankachitira nthawi zina.

Lachinayi m'mawa anakwera basi mpaka pakhomo pa mayiwo. Makatani anali otseka. Anakankha geti lachitsulo, linalira, nalowa masitepe awiri. Pamenepo anakumbukira tiyi wa Bambo Raymond ndi lonjezo lija. Anaganizanso za kalata imene ingapite kwa akuluakulu kuno, yonena kuti munthu amene anatumizidwa samva. Anaima kanthawi, natseka geti, n'kubwerera. Lachisanu anaimbanso foni kawiri.

Loweruka mnansi wa mayiwo anaitana apolisi. Anawapeza pansi m'khitchini, atathyoka fupa la m'chiuno, ali moyo. Anagwa Lachitatu m'mawa pokonzekera kupita ku kalasi.

Patapita sabata, Bambo Raymond anatenga a Laban kupita nawo kuchipatala. Mayi Phyllis anali atachepa pabedi, koma pakamwa panali pomwe paja.

“Lachinayi ndinamva geti likulira. Munali inu, aphunzitsi?”

“Ndinali ine.”

“Parishi yonse ikudziwa kuti mumagogoda. Kani mumagogoda kwa athanzi okhaokha?”

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, nawagwira dzanja. Bambo Raymond anayamba kufotokoza kuti mlandu unali wawo, koma a Laban anawadula mawu, chinthu chimene sanachitepo kwa wansembe. Anati pa geti paja panalibe wansembe.

Mayiwo sanabwererenso kunyumba kwawo. Anawapititsa kumalo osungirako okalamba, kutali, kufupi ndi mwana wawo. A Laban anamaliza miyezi yotsala ndi ophunzira asanu.

Atatsika m'sitima ya panyanja kuno, amayi a mpingo anawalandira ndi nyimbo, ndipo Lamulungu anawaimiritsa kutsogolo. Wina anati kale azungu anatibweretsera mawu, lero mwana wa ku Khuyu wawabwezera. A Laban anathokoza ndi mawu ochepa nakhala pansi. Nkhani ya geti anandiuza ine patatha zaka zitatu, tikuyenda kuchokera kumaliro.

Kalasi ya pansi pa mlambe anaiyambanso. Tsopano mawondo akuwavuta, koma Lachinayi lililonse mukhoza kuwaona m'tinjira ta miyala ndi ndodo yawo, kupita kwa amene anajomba dzulo lake. Ena amatopa nawo. Pali foni masiku ano, amatero.

Mwezi wathawu anayenda mpaka ku Mbungo chifukwa cha a Enelesi, mayi wa m'kalasi yawo amene sanaoneke. Anati odi, palibe woyankha. Anatinso odi, kenako anazungulira kuseri. Anawapeza akuyanika chinangwa pathandala, ali bwinobwino.

“Aphunzitsi, mtunda wonsewu? Ndikafa mudzamva belu.”

A Laban anati akudziwa. Anapempha madzi, namwa ataimirira, n'kuyamba ulendo wobwerera ku Khuyu dzuwa lisanatenthe kwambiri.