Chithunzi cha Pansi pa Mphero

Pepalalo linali lalikulu ngati lichero laling'ono. Linkakhala pansi penipeni pa bokosi lachitsulo la Amayi, pakati pa nsalu zawo ziwiri za ku tchalitchi. Panali chithunzi cha mtsikana wovala diresi yofiira, atanyamula chipande, akuseka. Anachijambula ndi pensulo ndi makrayoni aphunzitsi ena ochokera kumpoto, amene ankakhala moyandikana nafe kumunsi kwa phiri la Michesi ine ndisanabadwe. Mtsikanayo anali achemwali anga. Anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine n'kubadwa chaka chotsatira. Chithunzi cha kamera analibe. Nkhope yawo inali papepala limenelo basi.

Ndinkadana nalo pepalalo. Ndikunena lero chifukwa ndakula. Amayi anali munthu wosakhala pansi. Ine akandiyang'ana, ankafuna kuona ngati ndasamba, ngati ndatunga madzi, ngati ndatsekera nkhuku. Koma Lamulungu lililonse pobweza nsalu m'bokosi ankatulutsa pepalalo n'kukhala nalo pamphasa, maso ali pamenepo, nthawi zina mpaka nandolo kupserera pamoto. Ine ndinkaima pakhomo, mwendo wina ukukanda unzake. Mtsikana wa papepala sankaswa mbale, sankakodza pogona, sankabwera ndi nsabwe kuchokera kusukulu. Ndikanapikisana naye bwanji?

Chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana titadzaza pansi pa mitengo, mvula inagwa yambiri. Denga lathu la udzu linadontha pamwamba penipeni pa bokosi, madzi n'kulowera pamene panachita dzimbiri. Pamene Amayi ankazindikira, pepala linali litachita chuku, litakwinyika, litamatirira kunsalu. Polimatula linang'ambika pakati, mng'alu n'kudutsa pachibwano cha mtsikanayo. Analira ngati pagwanso maliro. Ine ndinalira nawo, koma mumtima ndinati zatha.

Sizinathe. Amayi anali ndi mchimwene wawo amene ankagwira ntchito ku Blantyre, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene iwo ankaitcha myuziyamu. Ntchito yawo inali kuchiritsa zojambula za papepala zimene zawonongeka. Kwathu anthu ankaiseka ntchito imeneyi. Ankati bambo wandevu angamakhalire kulera mapepala akale, amene ena amakulungira zitumbuwa? Amalume atamva za chithunzicho anatumiza mawu atatu: musamate, musasite, musayanike padzuwa.

Anabwera m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Zaka zam'mbuyo Amalume anali anga. Ankanditcha “bwana wanga”, ankandikweza panjinga, ankandisendera nzimbe. Chaka chimenecho anandisisita m'mutu kamodzi, kundipatsa banzi, kenako n'kufunsa kuti odwalawo ali kuti. Ankanena pepala.

Anaika thebulo pakhonde, pamthunzi. Asanakhudze chilichonse ankasamba m'manja kawiri n'kudikira kuti muume. Anali ndi burashi yofewa ngati mchira wa mwana wa mphaka, imene ankasesera nayo chuku pang'onopang'ono, mpango uli pamphuno. Kusesa kokhako kunatenga masiku awiri. Amayi anafuna kuphika phala la chinangwa limene tinkamatira kalendala kukhoma, koma Amalume anakana. Anati limauma gwa, limakoka pepala, ndiponso mphemvu zimalikonda. Anaphika phala lawolawo la ufa wa tirigu, lamadzimadzi, n'kulisefa pakansalu. Ndimakumbukirabe fungo lake, ngati buledi wonyowa. Kenako anatulutsa pepala lopyapyala ngati khoko la anyezi, n'kumaling'amba timizeremizere ndi zala, n'kumamata kumbuyo kwa mng'alu. Atatha ananyowetsa chithunzicho pang'ono ndi kansalu kuti makwinya afewe, n'kuchigoneka pakati pa mapepala okhuthala oyamwa madzi. Pamwamba anaika thabwa, pamwamba pa thabwa mwala wa mphero ya Amayi. M'mawa uliwonse ankasintha mapepala oyamwawo. “Pepala silifuna phuma,” ankatero. “Liume lokha, pamthunzi, litapanikizidwa.”

Masiku onsewo Amayi ankasiya khasu msanga n'kudzakhala pambali pa thebulo. Ankayankhulana motsitsa mawu m'Chilomwe, chimene ine ndinkangomva apa ndi apo. Ine ndinali wosaloledwa kufika pafupi chifukwa m'manja mwanga munkakhala thukuta. Ndiye ndinaganiza nzeru. Ndinali ndi chithunzi changa cha nyumba chimene aphunzitsi athu anachichonga ndi cholembera chofiira. Ndinapita nacho kuseri kwa nkhokwe, kuching'amba pakati, n'kubwera nacho kwa Amalume kuti nachonso chadwala. Anachiyang'ana mwachidule n'kunena kuti, “Ika apo, bwana wanga, tichiona mawa.” Mawa linafika, linzake n'kufikanso. Nyumba yanga inali pomwepo pazenera, itatsamiritsidwa ndi kapu.

Loweruka chiperoni chinachoka, dzuwa n'kutuluka lamphamvu. Amayi ndi Amalume anapita ku Mkhumba kukaona wachibale wodwala. Ine anandisiya kuti ndiziingitsa mbuzi ndi nkhuku pathanthwe la kuseri kwa nyumba, pamene tinayanika makaka, chinangwa chosenda. Ndinakhala pang'ono, kenako ndinapita pakhonde. Mwala unali wolemera, ndinachita kuugubuduza. Pepala linali lozizira m'manja, losalala kuposa kale, mng'alu wosaoneka n'komwe. Mtsikanayo ankandiseka. Ndinamunyamula n'kukamuyala pathanthwe, pambali pa makaka.

Ndinadziuza kuti ndikuthandiza. Kwathu chonyowa chilichonse timayanika: ufa, zovala, mfutso. Likauma msanga, Amalume atha ntchito, atsala ndi masiku ondikweza panjinga. Ndi zimene ndinadziuza. Koma mawu oti dzuwa ndi mdani wa pepala ndinali nditawamva katatu, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zinayi si chitsiru. Ndinadziwa.

Anzanga anandiitana ku phada, ndipo ndinapita. Pobwera ndinapeza pepala litapindika ngati tsamba louma la nthochi. Mng'alu unali utatseguka, timapepala topyapyala tija titamatuka. Nkhuku yathu yathadzi inali itapalasapo. Maso analipo, mphuno inalipo, diresi inalipo. Pamene panali pakamwa panali bowo loti chala chachikulu n'kulowa. Ndinafunafuna kachidutswako m'makaka, m'fumbi, m'udzu, mpaka mawondo kusupuka. Sindinakapeze. Ndinabwezera pepala pansi pa thabwa, mwala pamwamba, n'kukakhala pathanthwe ngati mlonda wabwino.

M'mawa Amalume anaima pathebulo nthawi yaitali asanakhudze kanthu. Kenako anati, osayang'ana munthu, mwala uwu ndinauika mbali yosalala pansi. Atachotsa thabwa, Amayi anangogwira m'mphepete mwa thebulo n'kukhala pansi, padothi. Sanafuule. Ndikanakonda akanafuula.

Palibe anandifunsa. Amalume anasamba m'manja kawiri n'kuyambiranso. Anatha masiku atatu otsala a tchuthi chawo akufewetsa, akumata, akupanikiza. Pabowo paja anaikapo kapepala koyera kopanda chilichonse. Amayi ataona anawapempha kuti atenge pensulo ajambulepo pakamwa, popeza manja awo ndi aluso ndipo mwanayo ankamudziwa. Amalume anapukusa mutu.

“Achemwali, ntchito yathu ndi kusunga chimene chatsala. Ndikajambulapo ine, pakhala pakamwa pa mwana wa m'mutu mwanga. Zaka ziwiri zikadutsa mudzayamba kukumbukira ameneyo, wanu uja n'kukuthawani.”

Amayi anandiitana. Ndinabwera n'kugwada, msana utakonzekera mkwapulo. Iwo anandigwira chibwano ndi dzanja lawo lokhakhala, lonunkhira utsi, n'kunditembenuzira kowala. Anandiyang'ana. Sanayang'ane ngati ndasamba. Anandiyang'ana mmene ankayang'anira pepala lija Lamulungu, pang'onopang'ono, osaphethira.

“Taseka,” anatero.

Ndinalephera. Amalume anati bwana sangaseke asanamwe tiyi, ndipo ndinapezeka ndamwetulira, misozi ili m'maso.

“Ndi pomwepa,” Amayi anauza Amalume. “Kadzino kokha ndiko kanali kotuluka pang'ono.”

Chimene ndinkachifuna nyengo yonseyo ndinachipeza, ndipo chinakoma kanthawi kochepa. Pofika masana nsanje inali itabwerera. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndikudzigwira milomo, ndikuganiza kuti ngakhale pakamwa panga si panga, ndi pa uja wa papepala, ine ndangobwereka.

Amalume atanyamuka, Amayi anapita kukatenga mwala wawo kuti apere mapira. Pansi pa thabwa anapezapo nyumba yanga ija, itamatidwa bwinobwino kumbuyo, chizindikiro chofiira cha aphunzitsi chitalumikizana. Anaiika m'bokosi, pakati pa nsalu zomwezo. Ine ndinaona ngati anangosowa poika.

Za pathanthwe sindinaululepo mpaka lero, ndipo iwo sanandifunsepo. Tsopano ndili ndi mwana wanga wamkazi. Akapita kukagona kwa apongozi masiku awiri okha, ndimatsinzina kuti ndimuone, ndipo nthawi zina maso amabwera, pakamwa osabwera. Ndimangoyang'ana kunjira mpaka nditamuona akulowa pachipata. Pamenepo m'pamene ndimakumbukira Amayi pamphasa paja. Ine ndinkayesa kuti amene amayang'anidwa nthawi yaitali ndiye wokondedwa. Sindinkadziwa kuti Amayi ankandiyang'ana mothamanga chifukwa ankakhulupirira kuti mawa adzandionanso.