Batani pa zipi ya apongozi

Ndinakwatira kumudzi wina cha kumpoto kwa Sinda, komwe ndimaphunzitsa pa pulayimale, ndipo monga mkamwini aliyense ndinamanga nyumba pafupi ndi apongozi akazi. Tinkaopana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kutchire, ine n'kupatukira mbali inayo, njira n'kutsala yokha ngati ili ndi minga. Moni tinkapatsana titafulatirana. Zaka zonsezo nkhope yawo ndinkangoidziwa cham'mbali.

Koma munthu wokuonera patali amaona zambiri. Tsiku lina ndinakoleka jekete langa pa nkhokwe, ndiye ndikuona apongozi akulipatukira, kugwada, n'kulipatsa moni. Ndinaseka ndekha mpaka nthiti kuwawa. Patapita masabata angapo tinakumana panjira ya kudimba, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anandidutsa pafupi mpaka chitenje chawo kundikhudza mwendo. Apo sindinaseke. Ndinadziwa kuti maso achita ng'ala, ndipo akubisa.

Chimene ankabisira ndinkachidziwanso. Chaka chilichonse tikatha kukolola, amayi a mpingo wathu amapita ku msonkhano waukulu ku mishoni ya kufupi ndi Katete. Atsikana a masiku ano amakwera minibasi, koma pali kagulu ka amayi achikulire amene amayenda wapansi, akuimba, kugona m'matchalitchi a m'njira. Apongozi anali asanajombepo chimwalirire amuna awo. Chaka chawo chonse chinkayang'ana ku ulendo umenewo. Tsono mkazi wanga ndi munthu wabwino, koma amalamula ngati namwino wa kuchipatala. Akanangodziwa za masowo, ulendo ukanathera pakhonde.

Njira sinali vuto, poti anzawo amakhala kutsogolo ndipo nyimbo imamveka. Vuto linali katundu. Iwo ankamanga zonse m'chitenje chimodzi, mtolo wosenza pamutu. Kuti apeze piritsi la bipi ankayenera kumasulira zonse pansi, n'kuyamba kupapasa anthu akuona. Amayi a mpingo ndi achifundo, ndipo chifundo chawocho chikanawakweza minibasi yobwerera kumudzi tsiku lomwelo.

Ndinali ndi chola chakumsana chimene ndinkanyamulira makope a ana, cha matumba ambiri ndi mazipi. Masana ena mkazi wanga atapita kuchigayo, ndinachiika pakhonde pawo, ine n'kukakhala kuseri kwa chipupa.

"Odi, amayi. Pali chola apo, chikungokhala. Kapena chingathandize paulendo."

Kenako ndinamva zipi ikulira.

"Aphunzitsi, matumba kuchuluka chonchi, munthu angadziwe bwanji kuti chakuti chili muti?"

"Zipi iliyonse ndamangirirapo kanthu. Munthu angapeze ngakhale mumdima."

"Mumdima," anatero. "Eya. M'matchalitchi muja simukhala nyale."

Tinagwirizana choncho, kuti vuto ndi la matchalitchi.

Zovala za apongozi mkamwini sazikhudza, choncho ine ndinkangonena, iwo akulongedza. Pansi penipeni bulauzi yoyera ndi duku, zokulunga m'pepala la pulasitiki, poti sizifunika mpaka kukafika. Pamwamba pake bulangete. Thumba lakutsogolo, lomwe zipi yake ndinamangirirapo batani, mapiritsi okhaokha. La kumanja, la kachitsekerero ka botolo, nsawa zokazinga ndi mbatata. La kumanzere, la kachidutswa ka nsungwi, sopo ndi mafuta opaka kumapazi. Madzi m'kathumba ka pambali, poti dzanja lifikepo osatula chola. Pa buku la nyimbo tinakangana. Ine ndinati likungolemetsa, nyimbo zonse zili m'mutu mwawo. Iwo anati mayi wa mpingo wopanda buku m'manja anthu amamufunsa mafunso. Linakwera pamwamba. Pochoka ndinawamva akuyeserera, kutsegula, kutseka, akudzinong'oneza kuti batani, mapiritsi.

M'mawa wa ulendo, iwo ali kubafa, ndinapeza mkazi wanga pamphasa pakhomo pawo, chola chili pululu, katundu yense ali mbwee. Zomangirira zanga anali atazidula ndi lezala.

"Taonani zinyalala amangirira amama! Akatichititsa manyazi ku mishoni. Bulauzi nayo aika pansi kuti ikwinyike."

Ndinakwiya, ndipo mtima unandiwawa, chifukwa zonsezo ankachita powakonda. Ndinafuna kunama, koma bodza loti libwezere batani pa zipi sindinalipeze. Ndinamuuza zonse.

Sanandikalipire. Anandiyang'ana, bulauzi ili m'manja.

"Amama anga? Ine ndimadya nawo mbale imodzi, osaona? Mpaka aone ndinu, wakuseri kwa chipupa?" Misozi inali itayamba. Kenako unamwino uja unabwera. "Sapita."

"Mukawaletsa lero, chaka chamawa mudzawaloleza? Maso aja sakubwerera m'mbuyo. Mwina ulendo uno ndi womaliza."

"Akagwa m'njira mudzati chiyani?"

Inenso mantha amenewo ndinali nawo. Kumsewu amayi aja anali atayamba kale nyimbo, akudikira. Mkazi wanga anamvetsera, anayang'ana kubafa, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Batani linali pati?"

Tinalongedza mothamanga, ine ndikuloza, iye akuika. Bulauzi inabwerera pansi, akung'ung'udza. Zingwe zanga zinali zitaduka, ndiye anang'amba tinsanza n'kumangira tinthu tija patsopano. Titamva chitseko cha bafa ndinathawira kunkhokwe, kumene ndinaima chofulatira, diso limodzi likuba.

Apongozi anabwera atadzola mafuta, nkhope ili phuliphuli. Anawerama n'kuyendetsa zala pa mazipi, monga anayeserera. Pa batani zalazo zinaima. Anapapasa mfundoyo nthawi yaitali. Mfundo zanga zinali zachimuna, zomangira mbuzi. Iyi inali ija amayi amamanga pa nsonga ya chitenje, yomwe anamuphunzitsa mwana wawo iwo eni.

"Wamanga ndiwe," anatero.

"Ndine, amama."

Anawongoka pang'onopang'ono. Mawu awo anatuluka aang'ono, ngati a mwana wopempha kupita kokasewera.

"Ndiye wandiletsa?"

Mkazi wanga ananyamula chola, anawaveka kumsana, n'kukoka malamba mpaka chinakhala bwino.

"Mapiritsi ali pa batani. Fulumirani, anzanu akusiyani."

Ananyamuka kulunjika kumene kunkachokera nyimbo, phazi lililonse akuliponda mosamala. Mkazi wanga anawatsatira kumbuyo mpaka kumsewu osawagwira, manja ake onse awiri atawapinda kumsana kuti angamulake.