Ufa wa Pansi pa Msolo

Mkazi wanga anamwalira mwana wathu wamkazi asanayambe kuyenda. Tinkakhala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, pakati pa Alomwe anzathu amene tinachokera limodzi kudziko la Apwitikizi. Pakati pa sabata ndinkalima thangata, Lamulungu ndinkaliza belu patchalitchi chathu cha udzu.

Kwathu mwana ndi wa mtundu wa amayi ake. A mtundu wa mkazi wanga ankasonkhana kamodzi pachaka, akakolola mapira, pansi pa mtengo wa msolo umene unatsala m'mphepete mwa munda wa tiyi. Aliyense ankatapa ufa m'lichero n'kuthira patsinde, akutchula makolo amene anatsogola. Mwana wamng'ono ankamugwira dzanja n'kumuthiritsa, ndipo akatero walowa m'mbumba. Wosathira ufa sankamuwerengera. Akadwala panalibe womuzonda, akakula panalibe womulangiza.

Zokolola ziwiri zinadutsa ndisanamupititse. Chaka chachitatu anabwera alamu anga, mchimwene wa malemu.

"Alamu, mwanayu ndi wathu kapena ndi wa belu? Chaka chino mukapanda kubwera naye, belulo ndilo lidzakhale nkhoswe yake."

Ndinakafunsa kwa mkulu wa mpingo, munthu wabwino amenenso anali ndi abale kumsoloko.

"Mukapereke mwana kwa amalume ake," anatero. "Inu mukaime kumsewu. Mukangoponda pamthunzi wa mtengowo, ine sindingathe kukuikirani kumbuyo."

Ndinachita monga ananenera. Dzuwa lili paliwombo ndinaima kumsewu, alamu n'kunyamula mwana. Koma mwana uja anazolowera ine ndekha. Anakuwa, anapalapata, anawaluma alamu paphewa. Mayi ake aang'ono anayesa kumunyengerera ndi nthochi, iye anafumbata manja zolimba. Dzanja lofumbata silitapa ufa, ndipo mwambo sulola kulitsegula mokakamiza.

"Wakana yekha," anatero mayi wina. "Magazi a mishoni amenewa."

Anthu anayamba kusonkhanitsa malichero. Ndinayenda kulowera kumtengo kuja. Sindinathamange, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe pamene mthunzi unayambira. Ndinagwada patsinde, ndinamukhazika mwana pantchafu, iye n'kutonthola. Anatsegula dzanja. Alamu anagwira kamkono kake n'kukamiza m'lichero, ufa n'kugwera pamulu wa patsinde paja, wina pabondo langa. Anatchula dzina la mkazi wanga, amayi n'kululutira.

"Mkamwini wagwada ngati mwini mtengo!" anaseka alamu. "Sansani bondolo, angakuoneni abusa."

Sindinasanse. Ndinadutsa nalo choncho m'malaini onse a antchito.

Mzungu wa mishoni atabwera kudzadyetsa Mgonero, anandiitana kuseri kwa tchalitchi. Sanakalipe. Anandiuza kuti kale Agiriki nawonso anali ndi mafuko awo, fuko lililonse ndi guwa lake, ndipo ankapita ndi ana kukawaonetsa kumeneko, koma Uthenga utafika zonsezo zinatha.

"Bwana, Agirikiwo sindikuwadziwa," ndinayankha. "Koma maguwa atatha, ana awo amasiye ankawabereka kumbuyo ndani?"

Anati mpingo ndiwo mbumba yatsopano. Ndinati ndimakhulupirira zimenezo, koma zaka ziwiri ndinkapita ndi mwana kumunda, kumugoneka pansi pa tiyi, kapitawo akunditukwana, ndipo mbumba yatsopanoyo inali kalikiliki ndi thangata lake. Sindikuwaweruza. Ndinangonena zimene zinachitika.

"Imirirani pamaso pa mpingo munene kuti munalakwa, nkhani ithe," anatero Mzunguyo.

"Sindinapembedze mtengo, ndipo ufa sindinaukhudze. Ndinagwira mwana wanga. Ndikanena kuti ndinalakwa ndikhala ndanama m'nyumba ya Mulungu, ndipo limenelo ndilo tchimo limene ndikuliopa."

Anandiletsa Mgonero, ndipo ndinasamukira pabenchi yakumbuyo, ya ophunzira za ubatizo. Sindinajombe Lamulungu ndi limodzi lomwe. Nthawi iliyonse Mgonero ukayandikira, mkulu wa mpingo uja ankabwera kwathu, kukhala pakhonde, kufunsa za mvula, kenako n'kunena motsitsa mawu, "Nanga mawu aja, abambo?"

"Akadali omwe aja," ndinkatero.

Ankapukusa mutu n'kufunsa kumene kuli mwana. Masiku ambiri sankamupeza. Ankakhala ali kwa mayi ake aang'ono, kapena kwa amalume ake, kumene ankamulimbirana.