Tinamuseka Akulira Mayi Ake

Lachiwiri lapitali ndinaseka pamaliro.

Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikawasungira kumapeto mwina ndiwabisa. Ine amene ndimavala bulauzi yoyera ndi duku loyera Lachinayi lililonse, ine amene anzanga amati "amake Tamala, tatiyambitsireni nyimbo" zovuta zikagwa m'mudzi, ndinaseka m'nyumba ya siwa, bokosi lili poteropo.

Amene anatisiya ndi mayi Esinati, mnzathu wa kutchalitchi kwathu kuno kufupi ndi pa Chinakanaka. Anathyola tiyi pa esiteti mpaka msana unapindika. Mwana wawo wamkazi ndi Rozina. Dzina limeneli mwina simulidziwa. Koma ndikati Anasiwa, ndikudziwa kuti mwayamba kale kumwetulira.

Kwa inu amene mulibe wailesi kapena kanema, Anasiwa ndi mayi wa m'sewero, ndipo amene amasewera gawo limenelo ndi Rozina. Anasiwa saphonya maliro, ngakhale a munthu amene sanamuonepo. Amayamba kulira akadali kumsewu, mawu n'kukwera, n'kukwera, kenako n'kuwathera pakhosi kuti "hiki!" Akatero amatembenukira kwa woyandikana naye n'kufunsa monong'ona kuti, "Kodi mbuzi ija apha?" Dziko lonse limaudziwa "hiki" ameneyu. Makondakitala a pa Nkando amamutsanzira, ana asukulu amamutsanzira, ngakhale abusa athu anamutchulapo mu ulaliki wa anthu achinyengo, mpingo wonse n'kugwa nalo phwete.

Rozina anafika mmawa kuchokera ku Blantyre. Galimoto anaisiya kumsewu n'kuyenda wapansi, monga amachitira mwana wophunzitsidwa bwino. Paja kwathu kuno munthu sufika pakhomo pa maliro uli chete, umayamba kulira ukamayandikira nyumba. Ife tinali mkati, tikuimba. Analowa chokwawa ndi maondo, atavala chitenje chakale, nkhope yosadzola kanthu, n'kugwira bokosi ndi manja onse awiri.

"Amayi ine-e-e! Amayi mwandisiya ndi yani-i-i... hiki!"

Abale anga, sindinafune. Mulungu ndi mboni. Chinangotulukira m'mphuno, ngati mmene madzi amachitira ukamwa mothamanga. Ndinaika msangamsanga chitenje pakamwa, koma chinali chitamveka kale. Amake Joyce, amene anakhala nane pamkeka umodzi, anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Mbuzi ija apha?" Basi mzere wonse wa maduku oyera unayamba kugwedezeka mapewa. Nyimbo inaduka pakati. Panja ena anakweza mafoni pawindo.

Rozina anadzutsa mutu. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi, maso ake n'kudzaima pa ine. Anangotseka pakamwa, n'kukakhala pakona pafupi ndi azakhali ake.

Kuyambira pamenepo sanalirenso. Pa mwambo wa mapemphero, zii. Kumanda, bokosi likutsika, zii. Poika nkhata, anaika ngati akuika mbale pathandala, n'kubwerera pamalo pake.

Madzi akatayika saoleka.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mwana ameneyu si mlendo kwa ine. Ndinamuona akukula m'malaini a pa esiteti, nthawi imene bambo a Tamala ankagwira ntchito ku fakitale. Kanali kamwana koonda, kamaso akuluakulu, kosamva. Kankatsanzira kayendedwe ka kapitawo, manja kumbuyo mimba patsogolo, mpaka amayi othyola tiyi ankatula madengu chifukwa cha kuseka. Tsiku lina ku Sande sukulu ndinakapeza kakutsanzira ine, mmene ndimakokera mawu akuti "Atate" ndikamapemphera. Ndinakakoka khutu n'kukapititsa kwa mayi ake. Mayi Esinati anapepesa, koma potembenuka ndinawaona akuluma mlomo kuti asaseke.

Sukulu sanapite nayo patali. Anapita ku Blantyre kukagwira ntchito ya m'nyumba, kuchapa ndi kulera ana a eni. Kumeneko analowa kagulu kochita masewero m'misika, ophunzitsa anthu za kolera ndi kusamba m'manja. Amati tsiku lina mvula inawabalalitsa onse, iye yekha n'kupitiriza sewero pansi pa khonde la golosale, akuyankhula mbali ya mwamuna ndi ya mkazi yemwe. Pakati pa anthu ousa mvula panali munthu wa ku wailesi. Zinayambira pamenepo. Patapita zaka tinayamba kumuonanso pa kanema, titaunjikana m'nyumba za anzathu okhala ndi magetsi.

Poyamba mayi ake ankachita manyazi. Ankati, "Ana a anzanga ndi anamwino ndi aphunzitsi, wanga amadya za uchitsiru." Koma uchitsiru womwewo ndi umene unawachotsa m'nyumba yodontha, ndi umene unkawatengera kuchipatala pa Boma miyendo itayamba kutupa. M'zaka zomalizazi, sewero likamayamba, ankatulutsa wailesi pakhonde n'kukweza kuti odutsa m'njira amve.

Ndipo ine ndili ndi chifukwa changa chomuthokozera Rozina. Chaka chimene bambo a Tamala anagwa sitiroko, anakhala miyezi osayankhula, pakamwa patapindika, akungoyang'ana kudenga. Ndinapemphera mpaka maondo anachita zikang'a. Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa pakhomo, wailesi ili pafupi ndi mphasa yawo, Anasiwa anachita "hiki" wawo uja. Ndinamva mawu achilendo m'nyumba. Nditathamangira ndinapeza bambo akuseka, ndi theka la pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu. Ndinagwada pomwepo mpeni uli m'manja n'kuthokoza Ambuye. Mawu oyamba amene Mulungu anandibwezera mwa mwamuna wanga anadzera mwa mwana wa mayi Esinati.

Ndiye onani mmene ndinamubwezera.

Ngati mukuganiza kuti manyazi anga anathera pamenepo, dikirani. Lachitatu mmawa ndinapita kumjigo. Ndinapeza nkhani ili pamoto.

"Mwamuona? Ngakhale dontho limodzi."

"Za m'tauni zimaumitsa mtima, anzanga."

"Mtima wake uti? Inu simudziwa kuti kutchuka kumafuna kukhwimira? Munthu amene wadya mayi ake salira."

Amene ananena mawu omalizawa ndi amake Joyce, omwe aja anandigunda ndi chigongono. Inu a kumudzi mukudziwa kulemera kwa mawu otere. Akangomera, munthu sapondanso kwawo momasuka. Ana amamuthawa, moni wake anthu amayankha atayang'ana kumbali, ndipo manda a mayi ake amawaonera patali.

Ine ndinali pomwepo. Ndinkadziwa chimene chinaumitsa misozi ija, chifukwa chinatuluka m'mphuno mwanga. Ndinatani? Ndinatunga madzi anga, mnzanga n'kunditwika, ndinapita. Kuseka kuja ndingathe kunena kuti kunandipulumuka. Nanga kukhala chete uku ndinganamizire chiyani?

Tiyeni tinene zoona, si pamaliro pokha. Anthu otiseketsawa timawatenga ngati wailesi imene tinagula tokha, yoti tikapotokola iyankhule. Ndinamvapo kuti Rozina ali pamzere kuchipatala ndi mayi ake odwala, anthu anamuzungulira n'kumati, "Anasiwa, tatilirireniko pang'ono." M'minibasi, "Tatiseketseni, ulendowu watalika." Kodi telala tikakumana naye kuchipatala timamupatsa nsalu kuti atisokere pomwepo? Mphunzitsi tikamupeza pamsika timamuuza kuti atiwerengetse a e i o u?

Ndipo si otchuka okha. M'mudzi uliwonse muli munthu woseketsa, amene chinkhoswe sichikoma iye palibe. Akati "mutu ukundipweteka," timaseka. Akati "kunyumba kwanga sikuli bwino," timati, "Iwe ndiye sulephera!" Tsiku limene tidzamve kuti wagona, timadabwa kuti bwanji sananene. Ananena. Ife tinkadikira pothera nthabwala.

Lachinayi ku msonkhano wa amayi anandipempha kuti nditsegule ndi pemphero. Ndinaimirira, ndinati "Atate," mawu n'kukana kupitirira. Ndinakumbukira zimene Buku limanena, kuti ukabwera ndi mphatso kuguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, siya mphatsoyo uyambe wapita kwa iye. Ndinawauza amayi kuti wina apemphere. Ndinatuluka ndi yunifolomu yomweyo.

Rozina ndinamupeza kuseri kwa nyumba, akusenda nandolo amene mayi ake anasiya m'munda. Ndinagwada patali pang'ono.

"Amayi, dzukani, mudetsa bulauzi," anatero.

"Isiye ide, mwana wanga. Ndabwera kudzapepesa. Woyamba kuseka uja ndinali ine."

"Ndikudziwa. Kuseka kwanu ndimakudziwa kuyambira ku Sande sukulu." Anamwetulira pang'ono, koma manja sanasiye nandolo. "Khutu lija mpaka lero limamva kuwawa kukazizira."

Ndinafuna kuseka, n'kuopa. Anaona.

"Apa sekani, amayi, apa ndanena nthabwala."

Kenako ndinamufunsa chimene chinkandivuta. "Nanga bwanji sunangotisiya n'kupitiriza kulira? Maliro anali ako."

Anasiya nandolo.

"Amayi, anthu amaganiza kuti kulira kwa Anasiwa ndinakupeka. Sindinapeke. Ine ndimalira choncho kuyambira ndili mwana, mawu amandithera pakhosi. Amayi anga ankandiseka nako, ankati ndimalira ngati pampu ya njinga. Nditapita ku wailesi, anandiuza kuti ndilire, ndinalira kulira kwanga komweko, iwo n'kugwa nako pansi. Ndadya nako zaka zonsezi. Lachiwiri lija kulirako ndinakufuna ine mwini, ndinapeza kuti ndi kwa anthu. Kwina ndilibe."

Abale, ndamvapo maulaliki ambiri, koma palibe umene unandilasa ngati mawu amenewo.

Ndinamufunsa ngati akufuna kupita kumanda. Anati akufuna, koma akuopa maso ndi mafoni. Paja kumanda munthu sumangolowako ngati kumunda, ndiye ndinapita kwa amalume ake, amene ndi mwini mbumba, ndinawafotokozera zonse osabisa mbali yanga. Atamva anati, "Pitani naye mawa mmawa. Ine ndikaima panjira, aliyense wofuna kudutsa akazungulire."

Lachisanu tinapita dzuwa litangotuluka, phiri likadali ndi nkhungu m'mutu. Maluwa a nkhata anali atayamba kufota. Rozina anagwada pamtumbira. Ine ndinaima pambali pa mtengo wa bulugamu, ndinamufulatira kuti asaone nkhope yanga.

Anachedwa kuyamba. Kenako anayamba, chapansipansi, n'kukwera, n'kukwera.

"Amayi ine-e-e... hiki!"

Sindikunamizani. Mawu anali omwe aja a pa wailesi, osasiyana ngakhale pang'ono, ndipo ndinamva kuseka kukubweranso. Zaka zambiri za kuseka sizichoka m'thupi tsiku limodzi. Ndinaluma nsonga ya duku, ndinati mumtima, "Ambuye, ndigwireni pakamwa." Anandigwira. Pa "hiki" wachitatu sindinamvenso Anasiwa. Ndinamva kamwana koonda ka m'malaini kaja kakuitana mayi ake. Ndinatembenuka, ndinakagwada naye, tinalira awiri mpaka dzuwa linatentha pamsana. Paja maliro n'kulirana. Ine ndinachedwa ndi masiku atatu.

Pobwerera anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Sewero likamadzaulutsidwa mudzaseke, amayi. Musadzachite mantha. Mukasiya kuseka ndidya chiyani?"

Loweruka anakwera galimoto kubwerera ku Blantyre. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinapempha amayi onse kuti atsalire. Ndinanena zonse zimene ndalemba panozi. Ena anawerama. Amake Joyce anati, "Ife tinkangonena zimene anthu akunena." Ndinawafunsa kuti anthuwo ndi ati, popeza pamjigo paja tinalipo ndife tomwe. Mpaka lero moni wanga akuyankha mozizira. Palibe kanthu, ndikuwapempherera, nawonso andipempherere.

Koma nkhani ya pamjigo ili ndi miyendo, yafika kale pa Nkando, ndipo ine sindingaithamangitse wapansi. N'chifukwa chake ndailemba pano. Inu amene munamva kuti mwana wa mayi Esinati sanalire mayi ake, imvani kwa ine amene ndinalipo. Analira. Analira mpaka mawu anasasa. Ndipo kumene munamuona ali chete kuja, amene anamutseka pakamwa ndife, amayi a maduku oyera, ine patsogolo.

Ndikuthokoza Mulungu kuti mwanayu anandikhululukira ndisanamalize n'komwe kupepesa. Sindinayenere.

Rozina adzabweranso. Ali ndi azakhali okalamba, ali ndi amalume, ndipo imfa sinasamuke m'mudzi muno. Tsiku lina adzasiyanso galimoto kumsewu, adzayamba kulira akuyandikira nyumba, ndipo mawu adzamuthera pakhosi monga mwa nthawi zonse, chifukwa kulira kwina alibe. Ine ndikudziwa chimene ndidzachite ndi pakamwa panga. Nanga inu amene mudzakhale nane pamkeka, chigongono chanu mudzachiika pati?