Ndinagwada Panjira ya Kandege

Loweruka lapitali, amayi anzanga, ndinatsala pang'ono kuvulaza mwana chifukwa cha ulemu.

Pamishoni pathu pano ku Ulongwe pali Abulazala ena, mzungu wokonza makina. Miyezi yonseyi akhala akupanga kandege, mapiko ake kutalika ngati munthu atatambasula manja. Amuna anga, bambo a Rozina, ndi akalipentala, ndiye amawathandiza kupala timitengo. Akuti kamauluka kopanda munthu m'kati, kamangomvera bokosi la wayilesi lili pansi. Chimvereni zimenezo ine mtima sunakhale m'malo. Kwathu kuno chouluka chokha timati n'cha afiti.

Tsiku lokayesa ndinati ndikaone, koma chapatali. Rozina kumsana, ndinazungulira kuseri kwa sukulu n'kutulukira kumapeto kwa bwalo la mpira, kumene kunalibe anthu. Ndinadziona wochenjera. Sindinadzifunse n'komwe kuti anthu akukupeweranji kumeneko.

Kumapeto enawo ndikuwaona. Abulazala akumanga mapiko ndi malamba a mphira, akuthira mafuta ndi kabotolo, akudina bokosi kuti aone ngati kamchira kakugwedera. Bambo a Rozina agwira kumchirako. Kenaka Abulazala anapukusa ndi chala kopalasira mphepo ka kumphuno, kandege n'kuyamba kulira ngati mavu otsekeredwa m'chitini.

Ndi pamene anandiona. Mphuno ya kandege yaloza ine ndendende.

"Mayi! Mayi inu!" Abulazala akukuwa, dzanja m'mwamba.

Tandiuzani, wamkulu akakuitana umatani? Mawondo anapinda okha. Pomwepo panjira ya kandege, manja pamodzi, maso pansi, "Wawa." Iwo akukweza mawu, ine ndikuti kaya ndalakwa chiyani, ndikuweramira pansi kwambiri, kamutu ka Rozina poyera.

Kumchira kuja kunali mafuta okhaokha, kandege kakupulumuka m'manja mwa amuna anga. Iwo poona ine panjira, anakakhotetsa dala. Kanathamanga cham'mbali n'kukagunda chulu, phiko limodzi phwa.

Amuna anga anandipeza ndikadali chogwada, akupumira m'mwamba.

"Amake Rozina, mukupemphera?"

"Iyayi, andiitana Abulazala."

"Amakuthamangitsani. Imiriranitu, anthu onse akuona."

Anthu anaseka mpaka ana a sukulu. Asekedi. Koma mwa amayi anali pamenepo, ndi angati akanachita zosiyana? Chiyambire kuchinamwali tauzidwa kugwada: popereka madzi, pokumana ndi apongozi panjira, poyankha mesenjala wa boma. Sindikunyoza, mawa lomwe ndigwadanso. Kungoti anamkungwi athu sankadziwa malole a mumsewu kapena sitima ya pa Balaka, ndipo palibe amene anatiuza kuti pali kuitana kwina kofuna miyendo, osati mawondo.

Abulazala sanakalipe, ayamba kale kumata phiko lawo. Lolemba ndinapita kukapepesa. Ndinapepesa nditagwada, pafupi ndi macheka, mpaka anachita kundisuntha.

Rozina alibe ndi kachilonda komwe, akuyamwa ngati palibe chinachitika. Akakula ndidzamuphunzitsa ulemu wonse umene ndili nawo. Nanga kuthawa adzamuphunzitsa ndani, poti amake sakudziwa?