A Daka ndi Malilo Opanda Mtembo

A Josphat Daka ndinaphunzitsa nawo pasukulu ina ya sekondale kuno ku Sandwe, nyumba zathu zitayang'anizana, ndipo ndineneletu kuti sindinawakonde. Ine ndine wa masamu, iwo anali a Chingelezi ndi masewelo. Munthu wake wovala tayi ndi jekete mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu, nkhuku zomwe zitayasama kukamwa pansi pa nkhokwe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele.

Anabadwila kufupi ndi Minga, m'banja la alimi a mtedza. Anapita ku koleji ku Lusaka, ndipo pobwelako Chinsenga chinali chitayamba kuwawawa m'kamwa. Mukawapatsa moni wa kwathu, amayankha m'Chingelezi. Kumalilo samapita, ati kumangotayitsa nthawi. Chimene anabwela nacho ku Lusaka, kupatula tayiyo, chinali Agiliki. Ndikunena Agiliki akalekale, amene ankachita masewelo achisoni a mafumu ophedwa ndi akazi olila. Mvula ikachedwa, a Daka amati Agiliki anali ndi sewelo lake. Mbuzi ikalowa m'kalasi, Agiliki. Mwati munthu ameneyu anali bwino?

Koma mtima wao sunali pa Agiliki ayi. Unali ku Petauke boma, kumene kuli magetsi ndi tala. Ku Sandwe amati ndi kundende. Anapempha kangapo kuti awasamutse, osayankhidwa. Ndiye anamva kuti kuboma kudzakhala mpikisano wa masewelo a masukulu, akuluakulu a maphunzilo atakhala pamipando yakutsogolo. Basi, a Daka anaona khomo lotulukila.

Anasankha sewelo la mwana wa mfumu amene waphedwa kunkhondo, anzake nabwela naye atamunyamula, mlongo wake ndi gulu la akazi namulila. Amati Agiliki samaonetsa kupha pamaso pa anthu, amangotulutsa mtembo, ntchito yonse imatsalila olila. Anayamba ndi kudula makatoni, kupanga zophimba nkhope monga ankachitila Agilikiwo. Makolo ena ochokela ku Katete atangoona anati aphunzitsi akulowetsa ana m'nyau, ahedi naletsa tsiku lomwelo. A Daka anati anthu akuno ndi mbuli. Zovala anangotenga nsalu za pabedi, atsikana nakulunga m'mapewa.

Malo ophunzilila sewelolo anasankha kaphili ka kuseli kwa sukulu, koyang'ana kudambo ndi kuminda. Ati Agiliki ankasewela pamtsetse wa phili kuti mau azimveka kutali. Pamenepo pokha ananena zoona, mau amamvekadi kutali.

Wokhala mtembo anali Godwin, mnyamata wa giledi 9, wamtali, wofatsa, amene masamu amamumvela kuposa mwana wina aliyense amene ndinamuphunzitsapo. Amake anali amai amasiye a kutsidya kwa dambo. Anali ataika kale m'manda mwamuna ndi ana aakazi awili, nʼkutsala ndi Godwin yekhayo. Zimenezi aliyense pasukulu amazidziwa.

A Daka anauza anyamata kudula nsungwi ndi kumanga chithatha, chenicheni chonyamulila mtembo. Ine nditaona ndinalephela kugwila pakamwa.

"Bambo Daka, munthu wamoyo sagona pachithatha. Inu mukudziwa zimenezi, munakulila konkuno."

"Amai Lungu," anatelo akukonza tayi, "izo ndi zikhulupililo za kumudzi. Ife tikuchita luso."

Luso! Chabwino.

Vuto linali pa atsikana. Amalila uku akuseka, ndipo dzina la Chigiliki la mwana wa mfumuyo limawakola lilime. Rita, amene anali mlongo wa wakufayo m'sewelomo, anali ndi mau abwino a kukwaya ya kutchalitchi, koma akafika padzinapo amangoti phwii kuseka, anzake onse nagwa nazo. Tsiku lina masana, mwezi wa Januwale, anthu ali kalikiliki kupalila chimanga, a Daka anapsa mtima. Ine ndinali pakhonde la kalasi, ndinamva ndi makutu anga.

"Lilani monga amalilila amai anu kumalilo! Ngati dzinalo lakukanikani, tchulani lake lenileni. Iwe Godwin, usagwedezeke, kaya kugwe chiyani. Ndiwe mtembo!"

Atsikana aja analila. Abale, analila! "Godwin wathu ife! Godwin watisiya!" Mfuu uja unatsika kaphili, kudumpha dambo, kukafika m'minda.

Kuno kwathu mfuu wa malilo ukamveka, khasu limagwa pamene lili. Safunsa kuti kodi ndi zoona, chifukwa palibe amene amalila malilo mwamasewela. Dzina limene latchulidwa m'kulilako ndi limene limauza anthu kuti imfa yagwa pakhomo pa yani. Mwana wakhanda yekha ndiye sadziwa zimenezi, ndi a Daka amene anasankha kuiwala.

Ndisanafike nʼkomwe pakaphilipo, ndinaona anthu akukwela kuchokela kudambo, amuna ndi akazi, matope m'miyendo. Patsogolo panali amake Godwin. Amathamanga opanda duku, chitenje chitagwela m'njila, manja ali kumutu. Anafika, naona chithatha, nsalu yoyela, mapazi a mwana wao atatulukila kunsi kwake. Anadziponya pansi monga thumba la chimanga logwa pangolo.

"Ndaika atate ako, ndaika alongo ako, nanga ine adzandiika ndani? Mwana wanga, m'mawa uja unadya chiyani kodi? Bwenzi ndikanakuphikila!"

Godwin, pomvela mphunzitsi wake, anakhala chigonele kanthawi ndithu. Kenaka analephela, nadzuka nsalu ili kumutu. Amai ena anakuwa nathawila m'tchile. Amake anamugwila mutu, kumusisita kumaso, m'makutu, pachifuwa, kulila osaleka.

Ndiye mukudziwa chimene anachita a Daka? Anaomba m'manja. Inde, anaomba m'manja, maso akuwala.

"Rita! Atsikana! Mwamva? Mwaona mmene anagwela? Izi ndiye ndimafuna!"

Pakanapanda ahedi kuwakokela mu ofesi ndi kukhoma chitseko, amuna aja akanawakonza, ndipo ine sindikanaleletsa. Minda sinapalilidwenso tsiku limenelo, pakuti anthu anati khasu silibwelela m'munda mfuu utamveka kale. Pamsonkhano wa makolo, a Daka anapeleka mbuzi yopepesela, nkhope ili gwa, akulankhula Chingelezi pamaso pa nkhalamba zopanda nsapato.

Amake Godwin mbuziyo anaikana. Anangotenga mwana wao. Ndinapita kwao kukawadandaulila, ndikuti chaka chino ndi cha mayeso, mnyamatayu akhoza kupita patali. Anandiyalila mphasa mwaulemu, nandimvetsela mpaka ndinatha.

"Aphunzitsi, kumene anamugoneka pachithatha ali moyo, ine sindingamubwezeleko. Mwandililitsa kamodzi, zakwana."

Ndinapitanso kachiwili, mau anali omwewo.

Makolo ambili anachotsa ana awo m'sewelo. A Daka anatsala ndi atsikana ogonela pasukulu, amene makolo awo ali kutali, ndi Rita yemwe. Pachithatha anaikapo mphasa yokulunga. Anasamukila m'kalasi, mazenela otseka, ndipo ine ndimati nkhani yazizila.

Kumpikisano ndinapita chifukwa ahedi anandituma kuyang'anila atsikana. Holo inali yodzaza. Atatulutsa chithatha, Rita analowa akuthamanga, opanda duku, manja kumutu. Anadziponya pansi chimodzimodzi. Kenaka anatsegula pakamwa.

"Ndaika atate ako, ndaika alongo ako, nanga ine adzandiika ndani? M'mawa uja unadya chiyani kodi?"

Mau omwe aja, osasintha ngakhale limodzi. A Daka anali atachotsa mau a Agiliki awo okondedwa aja naikapo mau a amake Godwin. Anthu m'holo anaimilila, akuomba m'manja, ena akupukuta misozi. Mkulu wina wa maphunzilo anati sanaonepo mphunzitsi womvetsa chisoni cha munthu monga a Daka. Iwo anawelama pamaso pa anthu, dzanja lili pachifuwa. Ine ndinatuluka panja.

Chaka chotsatila anawasamutsila ku boma. Lole itabwela kudzanyamula katundu, anaoloka msewu kudzanditsanzika, tayi yatsopano pakhosi. Nthawi imeneyo nʼkuti Godwin ali ku Nyimba kwa amalume ake, akugulitsa makala m'mbali mwa tala, mayeso atamupita.

"Amai Lungu," anatelo a Daka, "mukawaona amai aja muwapatse moni. Ali ndi luso lachibadwa, kungoti sanaphunzile."