Chigamba Chogwira Sachotsa

Mumsewu uja ankawatchula kuti a Pampu, chifukwa anakalambira pansi pa kakhonde ka malata akumata machubu a njinga. Chuma chawo chinali beseni la madzi akuda, guluu, sizasi ndi pampu yomanga ndi waya. Lamulo lawo linali limodzi: chigamba chogwira sachotsa. Pakabooka pena, umangomata china pambali.

Akazi awo atadwala nthenda ya m'mafupa, mapiritsi anayamba kuwabwerera kukhosi. Namwino anawapatsa tizigamba tamankhwala tomata pakhungu. Anati mankhwalawo amalowa m'thupi pang'onopang'ono ngati madzi odontha, ndipo pakatha masiku atatu azimata kena. Zikakanika kunyumba, mayi abwerere kuwodi. Koma mayiwo wodi sankafuna n'kuimva komwe.

"Zomatamata? Mwafika kwa eni ake," anatero a Pampu. Zimene namwino ananena pambuyo pake zinangowadutsa m'makutu.

Tsiku lomata likafika ankasamba m'manja mpaka girizi kutheratu m'zikhadabo. Ankasankha malo pamsana pa akazi awo, kupukuta, kumata, n'kukanikiza ndi chikhatho chonse.

"Pang'onopang'ono bambo inu, sindine chubu," ankadandaula mayi.

"Chubu salongolola chonchi."

"Ndiye mundipopanso?"

"Mukaphwa, anzanga."

Ululu unachepadi. Koma posakhalitsa mayi anayamba kugona masana onse, mawu akukokeka, supuni ikuwapulumuka m'manja. A Pampu anasiya njinga ya kasitomala ili chagada, n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Namwino atakweza bulauzi ya mayi, anapeza tizigamba tili ndondondo pamsana, mzere wowongoka ngati wojambula ndi rula.

"Bambo, takaleti simunachotse bwanji?"

"Tikugwirabe, mayi. Taonani, ngakhale m'mphepete sitinatukuke."

"Tikugwiradi, n'chifukwa chake tonse tikuthirabe mankhwala m'magazi. Mukanawagoneka tulo tosadzuka."

A Pampu anakhala pansi, chipewa chili m'manja. Tizigamba takale tonse tinamatulidwa, mayi anagonekedwa, ndipo namwino ananenetsa kuti kunyumba sabwererako msanga.

Mutu utayera, mayi anamukoka namwino diresi.

"Mwanangu, ndikupita kwathu. Bambowa ndi ouma mutu, koma dzenje limodzi sagweramo kawiri. Manja anu ndi ozizira. Ine ndinazolowera okhakhalawa."

Namwino sanalonjeze kanthu. Tsiku losintha litakwana anangoitana a Pampu n'kuwalozera msana uja.

"Tiyeni, ndione."

A Pampu anafikitsa pamsanapo zala zimene zinkachotsa tayala popanda chitsulo. Ananyamula kangodya, n'kumatula mwapang'onopang'ono, akupemerera ngati pabala. Anapinda kachigambako pakati, mbali yomata ikuloza m'kati, monga anauzidwira. Kenako anamata katsopano pamalo ena.

"Chibadwire sindinamatulepo ntchito yanga," anang'ung'udza.

"Mwayamba lero," anatero mayi, akufufuza nsapato ndi phazi pansi pa bedi. "Tengani chikwamacho, tizipita."

Namwino anawatsegulira chitseko.